Mafunso ndi mayankho: chuma cha mzinda wa Chipata ndi tsogolo lake

Munthu amene wafika ku Chipata patapita zaka khumi asanapondeko amadabwa ndi nyumba zimene zakwera m'mapiri, masitolo atsopano a m'mbali mwa mseu waukulu, ndi mathiraki amene amalowera ku Mwami, pamalire ndi dziko la Malawi, usana ndi usiku. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri pakati pa alimi, amalonda, ndi ana a Kum'mawa okhala ku Lusaka ndi ku Migodi amene akulingalira zobwerera kwawo kukayamba ntchito yawoyawo.

Kodi Chipata unakhala liti mzinda, ndipo zimenezo zinasintha chiyani?

Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti Chipata ndi mzinda pa 24 Febuluwale 2017, kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo wa Nc'wala wa chaka chimenecho uchitike, ndipo unakhala mzinda wachisanu m'Zambia pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Mizinda inayi ija yonse ili m'mbali mwa njanji yakale imene inamangidwa chifukwa cha migodi, pamene Chipata unakula ndi khasu ndi malonda a m'malire. Chilengezocho chinakweza ulemu wa khonsolo ndi chiyembekezo cha anthu, koma sichinabwere ndi thumba la ndalama, ndipo ngalande za ku Nabvutika ndi ku Mchini sizinadzikumbe zokha chifukwa cha dzina latsopano.

M'chaka cha 2018 madera a Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa kukhala maboma paokha, choncho woyerekezera chiwerengero cha anthu cha 2010 ndi cha 2022 osadziwa zimenezi angaganize kuti anthu achepa. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 320,000 m'boma la Chipata lotsalalo, ndi pafupifupi 2.45 miliyoni m'chigawo chonse cha Kum'mawa.

N'chifukwa chiyani mzindawu umatchedwa khomo la dziko la Zambia?

Mawu akuti chipata amatanthauza polowera, ngakhale ena amati dzinali linachokera ku mpata waukulu wa pakati pa mapiri pamene tauniyi inakhazikika. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570, koma kukafika ku Lilongwe sipakwana makilomita 150, kotero kuti munthu wa ku Kapata amafika msanga ku likulu la dziko la Malawi kuposa ku likulu la dziko lake.

Kuyang'ana kum'mawa kumeneku si nzeru ya lero. Atagonjetsa Angoni a Mpezeni pa nkhondo ya 1898, imene inathera pa kuphedwa kwa Nsingo, azungu anamanga Fort Jameson n'kuisandutsa likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo inakhala choncho kufikira 1911 pamene zigawo ziwiri za dzikoli zinaphatikizidwa. Masiku amenewo katundu ndi makalata ankafika kudzera ku Nyasaland ndi ku Tete, popeza mseu wa ku Lusaka kunalibe. Lero njira zazikulu zilipo zitatu: ya ku Mwami yopita ku Lilongwe ndi kupitirira mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique, ya ku Katete yodzera pa Chanida kulowa ku Tete ndi ku Beira, ndi mseu wa Great East wopita ku Lusaka. Gawo la mseuwu lochokera pa mlatho wa Luangwa kufika pa Mwami, la makilomita pafupifupi 360, linakonzedwanso ndi thandizo la European Union ndi African Development Bank. Komabe tisaiwale kuti katundu yense wa pakati pa Lusaka ndi Kum'mawa amadalira mlatho umodzi wokha, umene unatsegulidwa mu 1968.

Njanji ya ku Mchinji ilipo. N'chifukwa chiyani katundu wambiri akuyendabe pa mathiraki?

Ntchito yomanga njanji imeneyi inayamba mu 1982, inaima kwa zaka zambiri chifukwa chosowa ndalama, ndipo inatsegulidwa mu Ogasiti 2010 m'nthawi ya Pulezidenti Rupiah Banda. Kutalika kwake sikukwana makilomita 30, koma imalumikiza Chipata ku njanji ya ku Malawi yodzera ku Lilongwe, Salima ndi Nkaya, imene imaoloka malire pa Nayuchi n'kupitirira ku Cuamba ndi Nampula mpaka ku Nacala, limene ndi doko lakuya mwachilengedwe lotha kulandira zombo zazikulu. Pa mapu zonsezi zimaoneka bwino kwambiri.

Vuto loyamba ndi lakuti njanjiyo imathera pa Chipata pomwepo. Mwini katundu wa ku Lusaka kapena ku Migodi ayenera kumukweza pa thiraki, kuyenda naye makilomita 570 kapena kuposerapo, kumutsitsa, kumusunga, kenaka kumukwezanso pa sitima, ndipo kutsitsa ndi kukweza kulikonse kumadya ndalama ndi masiku. Ambiri amaona kuti katundu akakwera kale pa thiraki, ndi bwino angopitirira nayo mpaka kunyanja. Vuto lachiwiri lili tsidya la malire: gawo la njanji limene kampani ya migodi ya Vale inamanga ndi kukonza mwamphamvu ndi lija lonyamula malasha a ku Moatize kudzera pa Nkaya, pamene nthambi yokwera ku Lilongwe ndi ku Mchinji ndi yakale ndipo yakhala ikuonongedwa ndi madzi osefukira. Chachitatu n'chakuti sitima simayenda ndi matumba makumi awiri. Imafuna katundu wochuluka, wopezeka mwezi ndi mwezi, ndipo imafunanso wina wobwerera naye, monga fataleza kapena mafuta a galimoto, kuti mabogi asabwerere opanda kanthu.

Mu Okutobala 2023 Apulezidenti Hakainde Hichilema, Lazarus Chakwera ndi Filipe Nyusi anakumana ku Nacala potsegulira doko lokonzedwanso, ndipo anasaina mapangano okhudza njira imeneyi. Mapangano otere ndi ofunika, koma chimene wamalonda amafunsa ndi tsiku limene sitima inyamuke ndi mtengo wa tani imodzi.

Nanga njanji yopita ku Serenje idzamangidwa?

Mu 2016 boma linasaina pangano ndi kampani ya China Civil Engineering Construction Corporation loti imange njanji ya makilomita 388 kuchokera ku Chipata kudzera ku Petauke kukakumana ndi njanji ya TAZARA ku Serenje, pa mtengo woposa madola 2 biliyoni a ku America. Njanji imeneyo ikanathetsa vuto loyamba lija, chifukwa mkuwa ukanatha kuchoka ku Migodi mpaka ku Nacala osatsika pa sitima. Koma iyenera kuoloka chigwa cha Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga, ndipo mu Novembala 2020 dziko la Zambia linalephera kubweza ngongole zake zakunja pa nthawi yake, zimene zinaimitsa ntchito zambiri zazikulu zodalira ngongole. Amene akugula malo lero chifukwa cha njanji imeneyo akhale ndi mtima wodikira zaka zambiri.

Kodi malo atsopano a pamalire a Mwami athandiza bwanji amalonda ang'onoang'ono?

Mu Disembala 2022 Apulezidenti Hichilema ndi Chakwera anatsegulira malo a Mwami ndi Mchinji kumene wapaulendo amaima kamodzi kokha, antchito a maiko onse awiri n'kumuthandiza pamalo amodzi, m'malo moima kawiri monga kale. Opindula msanga ndi oyendetsa mathiraki. Kwa mayi wonyamula zitenje, tomato kapena sopo, chothandiza kwambiri ndi dongosolo la malonda ang'onoang'ono la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Dongosololi limalola katundu wa mtengo wosapitirira madola 2,000 kuoloka ndi mapepala osavuta ndiponso popanda msonkho wa pakasitomu, malinga akhale wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko awiriwa ndipo akhale pa mndandanda umene maikowo anagwirizana. Misonkho ina ya m'dziko imakhalapobe, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amakhumudwa chifukwa amafika akuganiza kuti salipira kalikonse. Enanso amadzerabe njira za kutchire, ndipo n'zosadabwitsa m'dera limene malire anadula pakati pa midzi ya anthu apachibale.

Kodi chuma cha Chipata chimachokera kuti kwenikweni?

Chimachokera kumunda. Chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya ndizo zimayendetsa tauniyi, ndipo amene akukayika apite ku Down Shops mu Febuluwale, akabwererenso mu Julayi. M'miyezi ya njala masitolo amakhala zii, koma alimi akagulitsa mbewu zawo, malata, simenti, njinga zamoto ndi mafoni zimayenda, ndipo ngakhale wometa tsitsi ku Kapata amadziwa kuti kumudzi kwalowa ndalama. Mabanja a amwenye amene makolo awo anachokera ku Gujarat m'nthawi ya atsamunda anamanga malonda awo pa kayendedwe komweka.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya tsogolo la mzindawu. Khomo limaona katundu wambiri akudutsa, koma katunduyo akangodutsa osasandulika kanthu kena, zotsalira pakhomopo ndi fumbi ndi ndalama zochepa za chakudya ndi malo ogona a madalaivala. Mpendadzuwa ndi soya zikachoka ku Chipata zili m'matumba, n'kukafinyidwa ku Lusaka, ntchito yofinyayo, malipiro ake, ndi zotsalira zake zodyetsa nkhuku ndi nkhumba zimakhala za ku Lusaka, ndipo mlimi yemwe uja amadzagula saladi wa m'botolo atalipirira ulendo wopita ndi wobwerera. Thonje nalonso limachotsedwa njere kuno, koma ulusi ndi nsalu zimapangidwa kutali, ife n'kumavala salaula. Mafakitale opanga zinthu kuchokera ku mbewu alipo ndithu, monga ya bungwe la COMACO imene imapanga chiponde ndi zakudya zina pansi pa dzina la It's Wild!, pamodzi ndi makina ang'onoang'ono ofinya mafuta amene afalikira m'makomboni ndi m'misika ya kumidzi, koma poyerekeza ndi zimene chigawochi chimakolola, n'zochepa.

Palinso phindu lina la fakitale yapafupi limene silitchulidwa kawirikawiri. Mlimi amene ali ndi wogula mmodzi yekha amalandira mtengo umene wauzidwa, monga anaonera alimi a soya mu 2023 pamene mtengo unagwa iwo atakolola kale. Ogula akachuluka pafupi, ndipo ena mwa iwo akufuna mbewuyo chaka chonse kuti makina awo asaime, mlimi amakhala ndi mawu.

Nshawa za Kum'mawa zinali zotchuka kunja. Chinalakwika n'chiyani?

Nshawa za mtundu wa Chalimbana, za maso akuluakulu, zinkagulitsidwa mpaka ku Ulaya m'zaka zoyambirira za ufulu. Msika umenewo unatayika pamene maiko ogula anakhwimitsa malamulo okhudza poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso ndipo satha ngakhale nshawa zikazingidwe. Chuku chimenechi chimakonda nshawa zimene zavutika ndi chilala zili m'munda, zoyanikidwa padothi, zosungidwa zisanaume bwino, ndi zija zimene anthu amawaza madzi kuti zisavute kusenda kapena kuti zilemere pa sikelo. Akatswiri a pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, atulutsa mbewu zabwino monga MGV4 ndi MGV5, koma mbewu yabwino siteteza nshawa imene yanyowetsedwa dala. Malinga ngati wogula alipira mtengo umodzi pa nshawa youma bwino ndi yonyowa, mlimi alibe chifukwa chodzivutitsira, ndipo msika wakunja sudzabwerera.

Kale kunali fakitale ya njinga. Kodi singatsitsimutsidwe?

Fakitale ya Luangwa Industries, imene inkapanga njinga za Eagle kuyambira m'zaka za m'ma 1980, inali chinthu chonyaditsa m'tauni imene njinga ndi galimoto ya aliyense. Koma zitsulo zake zinkachokera kutali, ndipo malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990 inalephera kupikisana ndi njinga zotsika mtengo zochokera kunja. Fakitale yofinya mpendadzuwa ilibe vuto limenelo, chifukwa chimene imafuna chimamera pa makilomita ochepa kuchokera pakhomo pake.

Kodi magetsi ndi madzi n'zokwanira kuti mafakitale abwere?

Kwa zaka zambiri magetsi a Kum'mawa anali ofooka kotero kuti makina akuluakulu ankalephera kuyenda bwino. Zinthu zinasintha pamene kampani ya ZESCO inamaliza nthambo za mphamvu ya 330 kV zochokera ku Pensulo, pafupi ndi Serenje, kudzera ku Msoro kufika ku Chipata West. Njira yobweretsera magetsi ilipo tsopano, koma magetsiwo amapangidwa kwambiri ndi madzi a ku Kariba ndi ku Kafue. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinakantha Kum'mawa kawiri: chimanga cha dziko lonse chinatsika kufika pa matani 1.5 miliyoni kuchokera pa matani oposa 3 miliyoni a chaka cham'mbuyo, ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, kotero kuti wachigayo anasowa chogaya ndi chogayira pa nthawi imodzi. Aliyense womanga fakitale lero ayenera kuwerengeratu mtengo wa magetsi a dzuwa.

Madzi a mumzinda amachokera makamaka ku madamu a Lutembwe, ndipo amagawidwa ndi kampani ya Eastern Water and Sanitation. Mapiri ozungulira akametedwa chifukwa cha makala ndi mapuloti, ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi limakokolokera m'damu, damulo n'kumasunga madzi ochepa pamene pakamwa pomwa pakuchuluka. Mzinda ungathe kukula zaka zingapo wopanda sitima, koma osati wopanda madzi, ndipo m'maganizo mwathu nkhani ya Lutembwe ndi yofulumira kuposa ya njanji ya ku Serenje.

Kodi munthu angapeze bwanji malo, ndipo n'chifukwa chiyani nkhani ya malo imavuta?

Malo m'Zambia ali mitundu iwiri, a boma ndi a mafumu. Mzinda wa Chipata wazunguliridwa ndi malo a Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ndi mafumu ena, pamodzi ndi mafamu otsala kuchokera m'nthawi imene azungu ankalima fodya kuno. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mfumu asandutsidwe a taitolo, kawirikawiri ya zaka 99, koma pafunika chilolezo cha mfumu, kuvomereza kwa khonsolo, ndi kufunsa anthu amene akukhalapo kale. Mafumu amachita mosamala pa chifukwa chomveka: malo akapita pa taitolo sabwereranso m'manja mwa mudzi, ndipo ana obadwa mawa adzafuna polima.

Zotsatira zake n'zakuti mzinda umakula mosatsata pulani. Munthu amagula puloti kwa wina amene anaigula kwa wina, amamanga, mnzake amamanga moyandikana, ndipo pofika nthawi yoti pakhale mseu, paipi ya madzi kapena sukulu, malo atha. Wogula aliyense afunse kaye ngati malowo ndi a boma kapena a mfumu, aone mapepala ku khonsolo, ndipo ngati ndi a kumudzi, akaonekere kwa mfumu ya mudzi ndi kwa mfumu yaikulu pamaso pa mboni, osati kudalira kalata ya wogulitsa yekha.

Kodi alendo okaona nyama ku Mfuwe amasiya ndalama ku Chipata?

Amasiya zochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Nkhalango ya South Luangwa ili pa makilomita pafupifupi 130 ndipo mseu wake ndi wa tala, koma alendo olemera amatera pa ndege ku Mfuwe osaona n'komwe Chipata. Phindu lenileni la mzindawu lili pa kugulitsa ndiwo zamasamba, mazira, nyama ndi zipangizo zomangira ku malo ogona alendo a kumeneko. Miyambo nayo imadzaza nyumba zogona: Nc'wala ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, ndi Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalambira Kalonga Gawa Undi. Masiku amenewo chipinda chimasowa, koma ndi masiku owerengeka pa chaka.

Kodi mavuto a chuma a ku Malawi amakhudza bwanji Chipata?

Amakhudza mbali zonse ziwiri. Pamene kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa ku Zambia anakwera mtengo kwa ogula a tsidya lija, ndipo wa ku Malawi anatsika mtengo kwa ife. Kukasowa mafuta a galimoto, fataleza kapena chimanga ku Malawi, ogula amaolokera kuno. Mu 2025, Zambia itakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni, maboma awiriwa anagwirizana kuti Malawi agule matani 200,000, ndipo njira yachidule ya chimanga chotere ndi ya pa Mwami. Chovuta kwa mlimi ndi wamalonda n'chakuti chilolezo chotumiza chimanga kunja chimatsegulidwa chaka china n'kutsekedwa chaka china malinga ndi zokolola, ndipo n'kovuta kumanga nyumba yosungiramo mbewu kapena kutenga ngongole ku banki pa msika umene ungatsekedwe ndi chilengezo chimodzi.

Kodi ndalama za CDF, zimene boma limapereka zotukulira madera a aphungu, zingasinthe chuma cha mzindawu?

Ndalama zimenezi zinakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zakhala zikukwerabe. Zimamanga zipinda zophunziriramo, zipatala zazing'ono ndi timilatho, zimalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja m'masukulu monga Chipata Trades, ndipo zina zimaperekedwa ngati ngongole kwa magulu. Sizingamange damu latsopano kapena njanji. Zimathandiza chuma pamene mseu wokonzedwawo ndi umene umatulutsa mbewu kumudzi, ndiponso pamene madesiki ndi mafelemu a mazenera agulidwa kwa amisiri a konkuno.

Munthu wa ndalama zochepa amene akufuna kuyamba malonda ku Chipata ayambire pati?

Ayambe n'kufunsa chimene chimachoka kuno chosakonzedwa n'kubwerera chili m'botolo kapena m'paketi, popeza pamenepo msika ulipo kale ndipo wopikisana naye walipira thiraki kawiri. Saladi, chiponde, chakudya cha nkhuku ndi ufa wa phala la ana zonse zili m'gulu limeneli. Ambiri amalakwitsa pothera ndalama zonse pa makina, kuiwala kuti mbewu imagulidwa yotsika mtengo m'miyezi yochepa yokha ya pambuyo pokolola, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo amene alibe ndalama zogulira ya chaka chonse pa nthawi imeneyo, ndi malo ouma oisungiramo, makina ake amaima pofika Disembala. Alembetse bizinesi yake ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, atenge chilolezo cha khonsolo, ndipo ngati akupanga chakudya choti chikalowe m'masitolo akuluakulu kapena chioloke pa Mwami, apite nacho ku Zambia Bureau of Standards chikayesedwe asanasindikize zikwangwani zake. Pa nshawa, agule kachipangizo koyezera chinyezi asanagule sikelo yachiwiri.